Mangawa Athu kwa Ana Ang'ono ndi kwa Alezi Ao

Pali mlandu umodzi umene sufika pabwalo kawirikawiri, cifukwa eni ace sadziwa kudzinenera okha. Eni acewo ndiwo ana a zaka zitatu, zinai ndi zisanu, pamodzi ndi amai aja amene amawasonkhanitsa m'mamawa pansi pa mtengo, kapena m'kacisakasa ka udzu, nawaphikira phala, nawaphunzitsa kuyimba ndi kuwerenga timiyala. Masukulu awa timawacha a mkombaphala, ena amati a mmera mpoyamba, ndipo amai akuwasunga timawacha alezi. Funso limene tifuna kulisinkhasinkha mwezi uno ndi ili: kodi cimene tipatsa ana amenewa ndi alezi ao ciri mphatso ya cifundo, imene munthu angaipereke kapena kuileka monga afuna mwini, kapena ciri mangawa, amene wosawabweza apalamula?

Tiyambe taona m'mene zinthu ziriri m'dziko lathu la Malawi. Kuyambira caka ca 1994 sukulu ya pulaimale iri yaulere, ndipo mwana aloledwa kulowa Sitandade 1 atakwana zaka zisanu ndi cimodzi. Koma zaka za m'mbuyo mwa izi zinasiyidwa kwa makolo ndi kwa midzi. M'mizinda, monga Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, muli masukulu a ana ang'ono olipiritsa, okhala ndi mipando, mabuku a zithunzi ndi aphunzitsi a malipiro. Kumeneko apita ana a anthu okhala nazo ndalama. Kumidzi, kumene kukhala anthu oposa asanu ndi atatu mwa khumi ali onse, kuli masukulu a mkombaphala aja. Awa anayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene boma ndi bungwe la UNICEF anafuna kuthandiza ana osowa cakudya cokwanira. Ndipo anacuruka m'zaka za m'ma 1990, pamene nthenda ya Edzi inasiya ana amasiye ambirimbiri m'manja mwa agogo okalamba. M'caka ca 2003 boma linalemba ndondomeko yace ya kaleredwe ka ana ang'ono, nilibvomereza kuti nchitoyi iri yofunika. Koma mtolo weniweni unatsalabe pamutu pa mudzi: eni mudzi amange cisakasa, asonkhe cimanga ndi nkhuni, ndipo apeze mai wolola kulera ana a anzace kopanda malipiro.

Zotsatira zace zawerengedwa. Pamene anthu a boma anayendera makomo m'zaka za 2019 ndi 2020, anapeza kuti mwa ana atatu ali onse a zaka zitatu ndi zinai, mmodzi yekha ndiye amapita ku sukulu yotere. Ndipo poyesa msinkhu wa ana osafika zaka zisanu m'zaka za 2015 ndi 2016, anapeza kuti 37 mwa 100 ali onse anali opinimbira, ndiko kunena kuti thupi lao silinakule monga mwa zaka zao. Ngakhale masukulu amene alipo, ambiri satseguka caka conse. Miyezi ya Januwale ndi Febuluwale ikafika, nkhokwe ziri zopanda kanthu, phala litha. Phala likatha ana aleka kubwera. Mvula idontha padenga la udzu, mtsinje udzala, ndipo mlezi nayenso apita kukalima ganyu kuti ana ace a iye mwini agone atadya. Comweco sukulu itsekedwa pa nyengo yomweyo imene mwana aifuna koposa.

Taganizani tsono ana awiri oima pakhomo la Sitandade 1 tsiku loyamba. Wina wakhala zaka ziwiri pakati pa anzace. Anagwirapo coko, adziwa kuti buku litsegulidwa kumbali iti, anazolowera kulindira nthawi yace ndi kuyankha munthu wamkuru wosakhala mbale wace. Mnzace sanaonepo zimenezi; kapena wadwala malungo kawiri caka comweco, ndipo wafika wosadya kanthu. Alowa onse awiri m'kalasi limene m'masukulu ambiri likhala ndi ana oposa 100 kwa mphunzitsi mmodzi. Mphunzitsiyo, cinkana ali wacifundo cotani, sangathe kuima cifukwa ca mwana mmodzi wotsalira. Pakutha caka woyamba apitirira, waciwiri abwereza kalasi, abwerezanso, natopa, naleka. Ndipo ife akuru tinena mopepuka kuti mwana uja alibe mutu wa sukulu. Ha! Uwu ndi umboni wonama pa munthu wosakhoza kudziteteza. Mulungu anampatsa mutu monga anapatsa mnzace. Cimene anasowa ndico cimene ife sitinampatse. Timakondwera kunena kuti khomo la sukulu liri lotsegukira onse, osakumbuka kuti ulendo wa kukhomoko unayamba kale, ena atanyamulidwa, ena akukwawa okha.

Pali mau atatu amene anthu anzeru amanena potsutsa, ndipo tiyenera kuwamva mwaulemu, pakuti onse atatu ali nayo mbali yace ya coonadi.

Oyamba ndi awa: makolo athu analibe mkombaphala, koma analera anthu a ulemu ndi a nzeru; mphunzitsi woyamba wa mwana ndiye amace, ndipo kumcotsa mwana pa msana pa amace ndiko kutsanzira mwambo wa eni. Indedi, makolo athu anali nayo sukulu yao, ndipo inali yabwino. Panali nthano za madzulo pamoto, zirapi zonola nzeru, masanje kumene ana anaphunzira kuphika ndi kumanga, nyimbo za pamtondo, ndi agogo okhala pakhonde tsiku lonse ali ndi nthawi ya kuyankha mafunso a mdzukulu. Wonyoza zimenezi sadziwa cimene anyoza. Koma tifunse moona mtima: kodi bwalo lija liripobe m'mudzi uli wonse? Mai wa lero alawirira ku ganyu, ku msika, kapena ku munda wa tiyi. Bambo ali ku Johannesburg kapena ku nyanja. Agogo ali ndi adzukulu asanu ndi munda wao womwe. Kawirikawiri wolera khanda ndiye mlongo wace wa zaka zisanu ndi zitatu, amene ajomba ku sukulu kuti abereke mng'ono wace. Tsono pokana mkombaphala sitibwezera mwana kwa agogo a nthano aja. Timsiya m'pfumbi ndi mwana mnzace, ndipo tiononga ana awiri pamodzi.

Komatu otsutsawa anena zoona pa cinthu cimodzi cacikuru, ndico cakuti sukulu yopanda makolo iri ndi mphamvu yocepa. Ku Jamaica, m'mzinda wa Kingston, m'zaka za 1986 ndi 1987, madokotala anasankha ana opinimbira 129 osafika zaka ziwiri. Kwa ena a iwo anatumiza mlendo sabata ndi sabata kwa zaka ziwiri, amene nchito yace inali kuonetsa mai m'mene angasewerere ndi mwana wace ndi kulankhula naye, ndi zidole zopangidwa ndi zinthu za pakhomo. Patapita zaka makumi awiri anawalondola anawo ali akuru, napeza kuti oyenderedwa aja analandira pa nchito zao ndalama zoposa za anzao ndi gawo limodzi la magawo anai. Ndipo kuno kwathu, poyesa masukulu a mkombaphala 199 m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo, anapeza kuti kuphunzitsa alezi okha sikunasinthe ana kwambiri. Koma kumene anaphunzitsa alezi ndi makolo pamodzi, ana anapambana anzao m'kulankhula ndi m'kukhala bwino ndi anthu. Sitibisa kuti powayesanso anawo zitapita zaka zitatu, kupambana kuja sikunaonekenso. Mbande yoleredwa bwino ikaokedwa pa nthaka youma, ifota monga zinzace. Ici citiphunzitsa kuti nyumba, mkombaphala ndi Sitandade 1 ziri ngati mafuwa atatu. Ukacotsa limodzi mphika ugwa.

Mau aciwiri ndi awa: kulera mwana ndi nchito ya cikondi, ndipo cikondi cikalipidwa ciipa, makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, nanga munthu angalipidwe bwanji polera mwana wace? Mau awa amveka okoma, ndipo ndiwo atigonetsa tulo zaka makumi atatu. Koma taonani amene awanena ndi amene awasenza. Awanena ndife olandira malipiro pakutha pa mwezi. Awasenza ndiye mai wosauka, amene ataya m'mawa uli wonse wa sabata, nyengo ya kupalira yomwe, ndi ana makumi anai kapena asanu a anthu ena. Mphunzitsi wa Sitandade 1 timlipira, ndipo palibe wonena kuti sakonda ana. Namwino timlipira, mbusa wa mpingo timlipira, ndipo sitiwayesa anthu ogulitsa cikondi. Bwanji tsono lamulo la kugwira nchito kwaulere ligwera yekhayo amene alibe mau pa msonkhano? M'zaka zaposacedwapa boma layamba kupatsa alezi ena kangacepe pamwezi, ndipo tiyamika; koma ocuruka a iwo akali kugwira nchito ndi manja opanda kanthu.

Malembo Oyera satisiya m'mdima pa nkhani iyi. M'buku la Eksodo timva kuti mwana wamkazi wa Farao, atatola khanda Mose m'madzi, analipereka kwa mkazi woti aliyamwitse, namlonjeza mphotho yace. Mkaziyo anali amace enieni a mwanayo, ndipo kulandira mphotho sikunacepse cikondi cace. Anamlera kotero kuti atakula m'nyumba ya mfumu sanaiwale anthu a mtundu wace. Ngati mwana wa mfumu yozunza anadziwa kuti mlezi ayenera malipiro, kodi ife ochedwa ndi dzina la Kristu tidzacepekedwa ndi iye?

Mbiri ya mpingo inenanso cimodzimodzi. Mbusa Jean-Frédéric Oberlin, amene anatumikira midzi yosauka ya m'mapiri a Vosges ku Alsace, anapeza m'caka ca 1769 mtsikana wina, Sara Banzet, alikusonkhanitsa ana ang'ono ndi kuwaphunzitsa kuluka. Oberlin sanangomtamanda pa guwa ndi kumsiya. Anamlemba nchito, nafuna atsikana ena otere, nawaphunzitsa, nakonza zipinda zofunda m'mene ana anasonkhana kumva nkhani, kuyimba ndi kudziwa maina a zomera za kwao. Masukulu a ana ang'ono a ku Ulaya ali nayo mizu yao ina m'midzi imeneyo, mwa mbusa amene anaona kuti mtima wabwino wa mtsikana wosauka suyenera kudyeredwa masuku pamutu.

Ndipo kusalipira kuli ndi mtengo wace, umene aulipira ndi mwana. Mlezi akaphunzitsidwa, maphunziro ace akhala a masabata awiri okha, ndipo ambiri sanalandire ngakhale amenewo. Wophunzitsidwayo akapeza ganyu kapena akakwatiwa kumudzi wina, acoka, ndipo ndani angamdzudzule? Alowa wina wosadziwa kanthu, ndipo ana ayambanso kuzolowera nkhope yatsopano. Mwana wamng'ono aphunzira mwa kukhulupirira munthu. Munthuyo akasinthasintha, cikhulupiriro sicimera.

Mau acitatu ndiwo olemera koposa: dziko lathu liri losauka, masukulu a pulaimale akusowa zipinda ndi mabuku, zipatala zikusowa mankhwala, ndalama za mkombaphala zicokera kuti? Ndiponso atikumbutsa caka ca 1994, pamene ana a m'pulaimale anacuruka kucokera pa 1.9 miliyoni kufikira pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kocepa, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwi zambiri osaphunzira nchitoyo. Makalasi anadzala, ndipo zilonda zace zikali kuoneka. Cenjezo ili nloona, ndipo tiribvomera. Kutsegula makomo kopanda aphunzitsi okonzeka ndiko kuitana alendo mphika uli wopanda kanthu.

Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Umphawi ungalamule liwiro la kubweza mangawa. Sungathe kufafaniza mangawawo. Munthu wosauka wokongola thumba la cimanga kwa mnansi wace sanena kuti, popeza ndiribe, ndiye kuti sindinakongole. Abwera ndi lichero limodzi lero, lina mwezi wamawa, ndipo mnansi amlemekeza. Wocimwa ndiye amene abweretsa lichero limodzi nafuna kuti amuombere m'manja ngati wapereka mphatso. Dziko lathu linabvomerezana ndi maiko ena m'caka ca 2015 kuti pofika 2030 ana onse akhale ndi mwai wa maphunziro okonzekera pulaimale. Pamenepo tinalemba dzina lathu pa kalata ya ngongole. Ndipo maiko osalemera ayesapo. Ghana, mwa lamulo la caka ca 2008, anaika zaka ziwiri za sukulu ya ana ang'ono m'kati mwa maphunziro aulere a boma, kotero kuti mphunzitsi wa tiana awerengedwa pamodzi ndi aphunzitsi ena. Nao ali ndi mabvuto ao, koma funso lakuti nchitoyi nja yani analiyankha.

Ndiponso si zonse zifuna ndalama za ku likulu. M'boma la Zomba, m'zaka za 2015 ndi 2016, bungwe la Save the Children linayesa njira ina m'midzi yokhala ndi masukulu a mkombaphala. Anapatsa makolo mbeu za nyemba, mtedza, mbatata zofiira m'kati ndi anapiye, nawaphunzitsa kulima munda wa sukulu ndi kuphika cakudya ca magulu osiyanasiyana. Pakutha caka ana a sukulu anali kudya bwino koposa, ndipo cozizwitsa ncakuti ang'ono ao otsala kunyumba, osafika zaka ziwiri, anacepa kupinimbira, cifukwa amai anatengera kwao zimene anaphunzira pa mphika wa sukulu.

Pokhala ndalama ziri zocepa, nzeru ndiyo kudziwa coyamba ndi cotsiriza. Coyamba ndi phala, pakuti mwana wanjala samva. Caciwiri ndi mlezi wophunzitsidwa, wolipidwa, wokhazikika. Cacitatu ndi madzi abwino ndi cimbudzi. Nyumba ya njerwa idze pambuyo pa izi. Taona m'midzi ina nyumba zokongola zomangidwa ndi mphatso za kunja, zolembedwa zilembo ndi zinyama pakhoma, koma zotsekedwa ndi loko, mbuzi zitagona pakhonde, cifukwa opereka anakonda cinthu cojambulika koposa malipiro a mai amene saoneka pa cithunzi. Ticenjerenso ndi ici, kuti mkombaphala asasanduke Sitandade 1 wamng'ono, kumene ana a zaka zinai akhalitsidwa pansi maora atatu ndi kupfuulitsidwa mau a Cingerezi amene sawamva, mkwapulo uli pambali. Friedrich Froebel, amene m'caka ca 1840 ku Germany anacha sukulu yace Kindergarten, ndiko kuti munda wa ana, anafuna kuti mwana akule monga cikula comera, mwa kusewera, kuyimba ndi kugwira zinthu ndi manja. Dothi loumba, zitsekerero za mabotolo, nthano ndi nyimbo za m'cinenero ca amace, izi zikwanira kuyamba nazo, ndipo ziri pafupi ndi mudzi uli wonse.

Tsono yankho la funso lathu ndi ili: ndi mangawa. Mwana sanasankhe kubadwira kwa wosauka kapena kwa wolemera, ndipo zaka zace zoyamba sizibwerera. Mseu wosamangidwa caka cino ungamangidwe caka camawa, ndipo udzakhala mseu womwewo. Koma mwana wa zaka zinai akhala wa zaka zinai kamodzi kokha. Mmera mpoyamba, anatero akuru.

Ndipo mangawawa ali ndi eni ace, yense gawo lace. Inu atate ndi amai, lankhulani ndi ana anu, ayankheni mafunso ao, muwafotokozere nthano. Ndipo inu abambo makamaka, musayese kuti nkhani ya mkombaphala nja akazi okha, pakuti denga lodontha ndi munda wa sukulu zilindira manja anu. Inu mafumu, patulani munda wa ana pogawa malo, ndipo muuyang'anire monga muyang'anira manda. Inu a boma ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo, lembani mlezi m'buku la anchito a dziko, mumphunzitse mokwanira, ndipo mumlipire pa nthawi yace, cinkana muyambe ndi ocepa ndi kuonjeza caka ndi caka.

Ndipo ife a mpingo tisadzipatule. Tidziwa kuti tsiku lina ophunzira a Ambuye anabweza anthu obwera ndi ana ao, poyesa kuti Mphunzitsi ali ndi nchito zazikuru zoposa tiana, ndipo Iye sanakondwere nao. Ophunzirawo sanali anthu ankhanza. Anali otanganidwa ndi zimene anaziyesa zofunika. Ifenso tiri ndi nyumba za mapemphero za malata zokhala zotseka masiku ambiri a sabata, pamene ana a mudzi womwewo abvumbwa m'cisakasa. Tiri ndi zopereka za masika, matumba a cimanga ndi mtedza, zimene gawo lace likadasungidwa likadaphika phala la Januwale ndi Febuluwale. Tiri ndi mabungwe a amai, a abambo ndi a anyamata, odziwa kusonkha ndalama za yunifomu ndi za maulendo. Pa msonkhano wa akuru a mpingo ukudzawu, wina aimirire nafunse mafunso atatu awa: m'dera lathu muli ana angati a zaka zitatu kufikira zisanu osapita ku mkombaphala? Alezi athu maina ao ndani, ndipo adya ciani? Nanga nkhokwe ya ana iri kuti? Mpingo umene udzayankha mafunso awa ndi manja ace udzakhala utayamba kubweza mangawa, ndipo Mulungu, amene aona mai uja potakasa phala m'mamawa palibe womyamika, adzaona ici comwe.